Khomo la mumtima lomwe tonse tinabadwa nalo

Chaka chilichonse ana a Fomu 3 akafika pa mutu wa kayendedwe ka magazi m'thupi, ndimalawirira kumsika wa pa Dedza boma kukagula mitima ya mbuzi. Anyamata ogulitsa nyama anandizolowera. Akangondiona amafunsa kuti, "Aphunzitsi, lero ndi ndiwo kapena ndi sukulu?" Ikakhala sukulu amadziwa kale kuti mtimawo sautema pakati ngati wa pachiwaya, amandipatsa wathunthu ndi mitsempha yake yomwe.

M'kalasi timaung'amba ndi lezala, kuyambira chipinda cham'mwamba cha kumanja. Pakhoma lolekanitsa chipindachi ndi chinzake cha kumanzere pali kadzenje kosaya, kozungulira ngati dzira, kokhala ndi mlomo wokhuthala m'mbali mwake. Kamaoneka ngati pamene mwadinda chala chachikulu pa mbamu ya nsima kuti mutapire msuzi. Mukakweza mtimawo n'kuuloza kuwindo, kuwala kumaonekera pakadzenjeko, chifukwa pansi pake m'popyapyala pamene khoma lonse lozungulira ndi mnofu. Mabuku amakatcha fossa ovalis, mawu a Chilatini otanthauza dzenje looneka ngati dzira. Mbuzi ili nako, ng'ombe ili nako, inu ndi ine tili nako. Ndi chipsera cha khomo lomwe linali lotsegula tili m'mimba mwa amayi athu.

Chandilembetsa nkhaniyi si kalasi ayi. Mayi wina wa kwathu, cha ku Bembeke, anabwerako kuchipatala chachikulu ku Lilongwe ndi mawu akuti mwana wake wa zaka zinayi ali ndi bowo mumtima. Pofika madzulo nkhani inali ili pamjigo, ndipo funso linali limodzi: waboola ndani? Ena anati ndi tsempho, poti mwanayo anali wonyentchera chibadwire, ndiye kuti bambo wake anayenda njira mwana asanatengedwe kumphasa. Ena analoza chala agogo ena a kutsidya. Chimene chimatisokeretsa ndi liwu lakuti bowo. Bowo timalidziwa pa ndowa, pa thumba la chimanga, pa chubu cha njinga, ndipo konseku chinthu chimakhala chinali chabwinobwino kenako china chake n'kuchilasa. Mumtima sizili choncho. Khoma ili limamangidwa dala ndi mpata, ndipo mwa ana ena ntchito yotseka mpatawo siifika pamapeto. Kuti zimenezi zimveke tiyenera kubwerera ku masabata oyambirira a pakati, nthawi imene mayi amakhala akungodabwa kuti mwezi uno sanasambe.

Mtima wa munthu wobadwa kale uli ndi zipinda zinayi, ziwiri m'mwamba, ziwiri m'munsi. Zam'mwamba ndi zolandirira magazi, ndipo dzina lake lakuti atrium linachokera ku nyumba za Aroma, kumene linkatanthauza malo ofikira alendo, tingoti pabalaza. Cha kumanja chimalandira magazi omwe azungulira thupi n'kutha mpweya wabwino, n'kuwatsitsira kuchipinda cham'munsi chomwe chimawapopera kumapapo. Cha kumanzere chimalandira magazi ochokera kumapapo, odzaza ndi okosijeni, n'kuwatsitsira kuchipinda champhamvu chomwe chimawatumiza thupi lonse. Magazi a mbali ziwirizi sayenera kusakanikirana, n'chifukwa chake pali khoma.

Koma mtima suyamba ndi zipinda zinayi. Mluza ukakwana masabata atatu, mtima umakhala kachubu kamodzi kowongoka ngati bango, ndipo cha pa tsiku la 22 kachubuko kamayamba kugunda. Masiku amenewa ndikuwerenga kuchokera pamene mbewu ya bambo yakumana ndi dzira la mayi. Kusikelo amawerenga kuchokera tsiku lomwe mayi anayamba kusamba komaliza, choncho kuti mufananitse ndi zolembedwa m'buku la kusikelo muziwonjezera masabata awiri. M'masiku otsatira kachubu kaja kamakula msanga kuposa malo omwe kali, ndiye kamapindika n'kudzikulunga, mbali yolandira magazi yomwe inali kumunsi n'kukwera kumbuyo ndi kumwamba. Pofika kumapeto kwa sabata yachinayi pamakhala chipinda chimodzi chachikulu m'mwamba, ndi njira imodzi yotsikira m'munsi. Apa n'kuti mluza wonse usanapose njere ya mpunga kutalika kwake.

Tsono taganizani vuto la mmisiri. Mukafuna kugawa chipinda m'nyumba, mumatulutsa katundu, ana n'kukagona kwa agogo awo, amisiri n'kuyala zidina, n'kudikira kuti matope aume. Mumtima wa mluza eni nyumba satuluka. Magazi sangaime ngakhale kamphindi. Choonjezera apo, magazi ayenera kumadutsabe kuchoka kumanja kupita kumanzere kwa miyezi yonse ya pakati, chifukwa mwana wosabadwa sapuma. Mapapo ake ndi odzaza madzi, mitsempha yake ndi yofinyika. Mpweya wabwino amaulandira kwa mayi kudzera mu nsengwa ndi mchombo, ndipo magazi abwinowo amafikira mbali ya kumanja, pamene mbali yomwe imadyetsa ubongo ndi ya kumanzere. Khoma likanatsekeratu msanga, magazi abwino akanasowa podutsira. Ndiye pakufunika khoma loti likhale lotsegula miyezi isanu ndi inayi, koma lidzatseke m'mphindi zochepa tsiku lobadwa, popanda wolowamo kukakhoma msomali.

Ntchito imayambira kudenga. Kumapeto kwa sabata yachinayi, kudenga la chipinda chachikulu chija kumamera kanembanemba kopyapyala komwe kamatsika pang'onopang'ono ngati katani. M'munsi mwake ndi mokhota ngati mwezi wongooneka kumene. Akatswiri amakatcha septum primum, kutanthauza khoma loyamba. Pansi pa kataniyu pamatsala mpata womwe magazi amadutsira, ndipo dzina lake ndi ostium primum, khomo loyamba. Katani akamatsika, mpatawo umanka nuchepa.

Kumene akulowera kataniyu nakonso kukuchitika zinthu. M'njira ija yotsikira kuchipinda cham'munsi mumatupa timapilo tiwiri ta mnofu wofewa, toyang'anizana. Timakula mpaka kukumana pakati cha m'sabata yachisanu ndi chimodzi, n'kugawa njira imodzi ija kukhala ziwiri, ya kumanja ndi ya kumanzere. Timapilo tomweti timathandizanso kupanga zitseko za pakati pa zipinda zam'mwamba ndi zam'munsi, zomwe kuchipatala amati mavalavu. Palinso kachidutswa kachitatu, kamnofu kotulukira kuchokera kumbuyo kwa mtima, komwe Wilhelm His anakafotokoza mu 1880 n'kukatcha spina vestibuli. Mabuku ambiri a sukulu anakaiwala kwa zaka zochuluka, koma ofufuza a masiku ano anabwererako ataona kuti kakapanda kukula bwino pansi pa khoma sipatsekeka. Ndiye kuti zinthu zitatu, mphepete ya katani, timapilo ndi kamnofu aka, ziyenera kukumana malo amodzi pa nthawi yake.

Apa ndi pamene ana anga amakweza mkono. "Sala, nanga katani akafika pansi, magazi adutsa pati?" Ndimakondwa nalo funso limeneli chifukwa yankho lake ndi lomwe ine ndimaliona lodabwitsa kuposa zonse. Khomo la pansi lisanatsekeke, maselo a kumtunda kwa katani yemweyo amayamba kufa. Sikuti adwala kapena avulazidwa. Amafa mwadongosolo, potsata malangizo omwe ali m'kati mwawo, monga momwe zimachitikira pa zala za m'manja ndi za kumapazi: poyamba zala za mluza zimakhala zolumikizana ngati phazi la bakha, kenako maselo a pakati pa zala amafa, zala n'kupatukana. Pakatani paja pamayamba timabowo tambirimbiri ngati sefa, kenako timabowoto timaphatikizana kukhala khomo limodzi lalikulu kumtunda. Ili ndi ostium secundum, khomo lachiwiri. Pansi pakamatsekeka, pamwamba pamakhala patatseguka kale, ndipo magazi sasowa njira ngakhale tsiku limodzi.

Likanakhala lokha khomo lachiwirili, bwenzi tonse tikubadwa ndi bowo loonekera mbali ina. Ndiye kumanja kwa katani uja kumatsika khoma lina, septum secundum. Ili silopyapyala ngati loyamba, ndi lokhuthala, la mnofu wolimba. Limatsika mpaka kuphimba khomo lachiwiri lija, koma silifika pansi. Limaima panjira, n'kusiya mpata wozungulira ngati dzira cha kumunsi, moyang'anizana ndi mtsempha waukulu wobweretsa magazi kuchokera kumimba ndi kumiyendo. Mpata umenewu ndiye foramen ovale.

Mayina akuti loyamba ndi lachiwiriwa tinawalandira kwa Gustav Born wa ku Breslau, mzinda womwe lero uli ku Poland ndipo umatchedwa Wrocław. Mu 1889 iye anafotokoza kakulidwe ka mtima atacheka miluza ya akalulu m'tizidutswa topyapyala kwambiri, n'kujambula kachidutswa kalikonse mokuza pa phula, n'kusanjikiza maphulawo mpaka kutuluka chifanizo cha mtima chogwirika ndi manja. Kuona maso a nkhono n'kudekhadi. Komabe pa khoma lachiwiri akatswiri ena a masiku ano, monga Robert Anderson wa ku London, amati dzinalo limanamiza. Iwo anaonetsa kuti mbali yaikulu ya chomwe timati septum secundum si khoma lomera palokha, koma ndi denga la mtima lomwe lapindikira m'kati, monga momwe chitenje chimachitira khwinya mukachitsina. Umboni wake ndi wakuti mukacheka mlomo wokhuthala uja kumtunda, pakati pake mumapeza mafuta a kunja kwa mtima, ndipo madokotala a opareshoni amatha kulowa mu khwinya limeneli kuchokera kunja osaboola chipinda chilichonse. Ine m'kalasi ndimajambula za m'buku kuti ana asasokonezeke pa mayeso, koma ndimakhulupirira za khwinyazi, chifukwa mafutawo ndimawaona ndekha pa mtima wa mbuzi.

Chinsinsi chonse chagona poti makomo awiriwa sanayang'anizane. La pa khoma lopyapyala lili kumtunda, la pa khoma lokhuthala lili kumunsi. Mukasuzumira pa foramen ovale kuchokera kumanja simuona chipinda cha kumanzere, mumaona kanembanemba kaja katatchinga. Khoma lokhuthala lasanduka mphuthu, lopyapyala lasanduka chitseko, ndipo chitseko chake chimatsegukira kumanzere kokha. Magazi akakankha kuchokera kumanja, kanembanemba kamapatuka, magazi n'kupsetereza pakati pa makoma awiriwa n'kutulukira kumtunda. Akati abwerere, amakankhira kanembanembako pa mphuthu, njira n'kutsekeka. Pofika kumapeto kwa sabata yachisanu ndi chitatu, mwana ali pafupifupi masentimita 3 okha, zipinda zinayi zimakhala zitaoneka kale mumtima wochepa kuposa njere ya chimanga. Amayi ambiri kuno kwathu amakhala asanayambe n'komwe sikelo, ena asanaululire ngakhale apongozi awo.

Kwa miyezi yotsalayo khomoli limagwira ntchito usana ndi usiku. Magazi abwino ochokera ku nsengwa amalowa pa mchombo, ena mwa iwo n'kulambalala chiwindi kudzera pa kanjira kachidule kotchedwa ductus venosus, n'kukwera ndi mtsempha waukulu wa kumunsi mpaka m'chipinda cha kumanja. Pakhomo pa mtsemphawu pali kalilime kotchedwa ndi dzina la Eustachi, katswiri wa ku Italy wa m'zaka za m'ma 1500, komwe kamalozetsa magaziwo ku foramen ovale. Nthawi yomweyo m'chipinda chomwecho mukulowanso magazi otha mpweya ochokera kumutu ndi kumikono, koma iwo amatsikira kuchipinda cham'munsi. Mitsinje iwiri m'chipinda chimodzi, koma siisakanikirana kwenikweni, monga momwe madzi a matope ndi oyera amayendera limodzi kamtunda ndithu pa mathiriro a mitsinje nthawi ya dzinja. Zotsatira zake n'zakuti magazi abwino kwambiri amafika kumanzere n'kuyamba kudyetsa mtima weniweniwo ndi ubongo. Aja otsikira kumunsi, ochepa okha ndi amene amalowa m'mapapo, ambiri amapatukira pa kanjira kena, ductus arteriosus, n'kubwerera ku nsengwa kukatenga mpweya. Makomo amenewa anthu anawaona kalekale. Galen anawalemba zaka zoposa 1,800 zapitazo, koma anali William Harvey, m'buku lake la mu 1628 lonena za kuzungulira kwa magazi, yemwe anafotokoza momveka kuti ndi njira zolambalala mapapo omwe sanayambe ntchito.

Kenako tsiku lija limafika, azamba n'kumadikira kulira koyamba. Mwana akakoka mpweya, mapapo amafutukuka, madzi aja n'kuyamba kuchoka, mitsempha yomwe inali yofinyika n'kumasuka. Magazi amakhamukira kumapapo ndipo amabwerera ochuluka m'chipinda cham'mwamba cha kumanzere, chomwe kale chinkalandira pang'ono. Mchombo ukamangidwa n'kudulidwa, magazi obwera kumanja kuchokera ku nsengwa amaleka. Mphamvu yokankha yomwe inali yaikulu kumanja tsopano yakula kumanzere. Chitseko chija chimatsekeka chokha, monga chimachitira chitseko cha m'nyumba mphepo ya mu June ikalowera pawindo la kuseri. Palibe mnofu womwe wachikoka, kwangosintha mbali yomwe ikukankha.

Kutsekeka kumeneku sikunakhale kumatirira. M'masiku a chikuta chitsekocho chimakhala changotsamira pa mphuthu, ndipo khanda likalira kwambiri n'kubanika, mphamvu ya kumanja imatha kukwera kwa kanthawi, magazi otha mpweya n'kudutsako pang'ono, milomo n'kuda kamphindi kenako n'kubwerera. Koma khanda lomwe lilime ndi nkhama zake zikungokhala zakuda mobiriwira ngakhale lili phee, limenelo n'lothamangira nalo kuchipatala tsiku lomwelo. Pakapita miyezi, kawirikawiri chaka choyamba chisanathe, kanembanemba kaja kamamera pamodzi ndi mphuthu, n'kutsala kadzenje komwe timaona pa mbuzi kaja. Agogo athu amadziwa bwino za liwombo, kuti mwana amabadwa ndi malo ofewa pamutu ndipo amatsekeka okha akamayandikira zaka ziwiri. Palibe amene amati liwombo labooledwa ndi munthu. Mtima nawo uli ndi liwombo lake, kungoti ili silioneka. Ngakhale mwanapiye ali m'dzira amakhala ndi timabowo pa khoma lomweli, ndipo timatsekeka akaswa, ngakhale kuti mbalame zilibe khoma lachiwiri ngati lathu.

Si onse amene chitseko chawo chimamatirira. Mu 1984 madokotala a ku Mayo Clinic ku America anafalitsa zomwe anapeza atayeza mitima 965 ya anthu omwalira, yomwe inalibe vuto lina. Mwa mitima 100 iliyonse, pafupifupi 27 inali ndi kampata komwe kachitsulo koyezera kankatha kudutsa, ndipo kukula kwake kunali mamilimita 5 tikatengera pakatikati. Ndiye kuti mu minibasi ya anthu 16 yochoka pa Dedza kupita ku Lilongwe, anayi akhoza kukhala otero, mwina kondakitala ndi mmodzi mwa iwo. Madokotala amati patent foramen ovale, mwachidule PFO. Si nthenda. Chitseko chilipo, n'chokwanira, chimakhala chotseka chifukwa kumanzere kukukankha, kungoti sichinakhomedwe. Anthu otere amalima, amabereka, amakalamba osadziwa kanthu. Mwa apo ndi apo pamachitika ngozi yomwe Julius Cohnheim anafotokoza mu 1877: kachibulumwa ka magazi oundana kochokera m'mwendo, komwe kakanakodwa m'mapapo, kamapeza chitseko chatseguka pamene munthu akutsokomola kapena kudzikakamiza posenza thumba la mbatata, n'kudutsira kumanzere mpaka ku ubongo. N'chifukwa chake wachinyamata akachita sitiroko popanda chifukwa chooneka madokotala amafufuza kampata aka. Koma tisasokoneze mitu, sitiroko zambiri zomwe timaziona m'midzi mwathu gwero lake ndi BP yosasamalidwa.

Bowo lenileni, lomwe kuchipatala amalemba kuti ASD, ndi nkhani ina. Apa chitseko sichikwanira pa mphuthu, ndiye pamakhala mpata woonekera mbali ina nthawi zonse. Mukadziwa mmene khoma limamangidwira, mitundu yake siivuta kumva. Wofala kwambiri, pafupifupi atatu mwa anayi alionse, ndi wa pakati pa khoma, pa kadzenje paja: maselo aja anafa ochuluka kuposa muyeso, chitseko n'kukhala chachifupi kapena chobookabooka, kapena mphuthu sinatsike mokwanira. Mtundu uwu umapezeka kwambiri mwa atsikana, pafupifupi awiri pa mnyamata mmodzi aliyense. Wina ndi wa pansi, pamene katani, timapilo ndi kamnofu ka His zinalephera kukumana. Poti timapilo tomweto ndi timene timapanga mavalavu, bowo la pansi limabwera ndi valavu yong'aluka yomwe imadontha, ndipo ndi lomwe limaonekaoneka mwa ana obadwa ndi vuto la chibadwa lotchedwa Down syndrome, omwe pafupifupi theka la iwo amakhala ndi vuto lina la mtima. Wachitatu, wosowa, umakhala pakhomo pa mtsempha waukulu wolowa kumanja.

Mwana wa bowo lotere sada milomo, ndipo n'chifukwa chake limabisala. Magazi amadutsa kuchoka kumanzere kupita kumanja, kutanthauza kuti magazi abwino omwe angochoka kumapapo akubwereranso kumapapo komweko, ngati munthu wotunga madzi pachitsime n'kumathira theka lake m'chitsime momwemo. Thupi limalandirabe magazi abwino, koma mbali ya kumanja imasenza katundu woposa wake ndipo imanka nikula. Ana ambiri saonetsa chizindikiro chilichonse. Ena amadwaladwala chifuwa ndi chibayo, amatopa msanga posewera, sikelo yawo siikwera bwino. Adokotala akaika chomvera pachifuwa amamva kaphokoso kofewa, komwe sikachokera pa bowolo koma pa valavu yopita kumapapo yomwe ikudutsitsa magazi ochuluka, ndipo kugunda kwachiwiri kwa mtima kumamveka kogawika pawiri kosasintha kaya munthu akukoka mpweya kapena akuutulutsa. Chotsimikizira ndi sikani ya mtima, yomwe amati echo, yofanana ndi ija amajambulira amayi oyembekezera. Mabowo ang'onoang'ono a pakati pa khoma ambiri amatsekeka okha m'zaka zoyambirira. Aakulu satero, ndipo munthu amatha kufika zaka 30 kapena 40 asanadziwe, kenako n'kuyamba wefuwefu pa chitunda chomwe kale ankakwera atasenza nkhuni, mtima kugunda mosalongosoka, miyendo kutupa. Mwa ochepa, mitsempha ya m'mapapo imauma chifukwa cha kusefukira kwa zaka zambiri, mpaka magazi amatembenuka n'kuyamba kuchoka kumanja kupita kumanzere. Zikafika apo kutseka bowo kumakhala koopsa kuposa kulisiya, n'chifukwa chake madokotala amafuna kuliona msanga.

Nanga chimachititsa n'chiyani? Mwa ana 1,000 obadwa, pafupifupi 8 amabadwa ndi vuto lina la kapangidwe ka mtima, ndipo izi zili choncho kwa azungu, amwenye ndi ife tomwe. Mwa ambiri mwa iwo sipapezeka chifukwa chimodzi choloza. Mwa ena ndi za kumtundu. Mu 1960 madokotala awiri a ku London, Mary Holt ndi Samuel Oram, anafotokoza za banja lomwe anthu ake ankabadwa ndi bowo mumtima pamodzi ndi chala chachikulu cha dzanja chopunduka, ndipo patapita zaka kunapezeka kuti jini imodzi (jini ndi kachidutswa ka malangizo a m'maselo omwe timatengera kwa makolo), TBX5, imalamulira kakulidwe ka mkono ndi ka khoma la mtima lomwe. Jini ina, NKX2-5, ikasokonekera imabweretsa bowo pamodzi ndi vuto la kagundidwe ka mtima. Zina zimachokera ku thanzi la mayi m'masabata oyamba aja: shuga wosasamalidwa, mowa, fodya, mankhwala ena, ndi rubella, nthenda ya totupa yofanana ndi chikuku yomwe katemera wake anayamba kuperekedwa kwa ana m'dziko muno mu 2017. Zonsezi zimagwira mtima nthawi imene ukumangidwa. Ichi ndi chimene ndinayesa kuwauza amalume a mwana wa ku Bembeke uja titakhala pakhonde: khoma la mdzukulu wanu, kaya linamalizika kaya silinamalizike, zinachitika kukali miyezi isanu ndi iwiri kuti abadwe. Chilichonse chomwe mkamwini wanu anachita kapena sanachite mwana ali m'chikuta sichikanabwerera m'mbuyo kukafika pamenepo. Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anati, "Aphunzitsi, ndiye kuti kunyentcherako n'kwa mtima womwewo?" Ndinati akafunse adokotala, koma n'zotheka ndithu.

Tisasokonezenso bowo ndi nthenda ina ya mtima yomwe ndi yofala kwambiri mwa ana a sukulu kuno, ija imayamba ndi zilonda za kukhosi zosapatsidwa mankhwala, n'kudzaononga mavalavu patapita zaka, mwana n'kumabayidwa jekeseni wa penisilini mwezi ndi mwezi. Imeneyo mwana sabadwa nayo.

Bowo la pakati pa zipinda zam'mwamba ndi lomwe linatsegulira dziko njira ya opareshoni ya m'kati mwa mtima, chifukwa ndi losavuta kusoka poyerekeza ndi ena. Pa 2 September 1952, ku Minnesota m'dziko la America, dokotala F. John Lewis anaziziritsa thupi la mtsikana wa zaka 5 kuti ubongo wake upirire, n'kutseka mitsempha yolowa mumtima kwa mphindi zisanu ndi theka, n'kusoka bowolo akuliona ndi maso. Pa 6 May 1953, ku Philadelphia, ku America komweko, John Gibbon anatseka bowo ngati lomwelo mwa mtsikana wa zaka 18 pogwiritsa ntchito makina omwe anagwira ntchito ya mtima ndi mapapo pa nthawi ya opareshoni, koyamba kuti makina otere apulumutse munthu. Mu 1975 Terry King ndi Noel Mills ku New Orleans anatseka bowo mwa munthu osang'amba chifuwa, polowetsa kachipangizo konga maambulera awiri kudzera mu mtsempha wa m'chuuno. Njira imeneyi lero ndi yofala, koma imatheka pokhapokha ngati mlomo wokhuthala uja ulipo wokwanira kuti maambulerawo agwirepo. Bowo la pansi silitheka choncho, limafuna mpeni. Kwa ife ulendo umayambira pachipatala chaching'ono, kupita pachipatala cha boma pa Dedza kapena pa Ntcheu, kenako ku Kamuzu Central ku Lilongwe kapena ku Queen Elizabeth ku Blantyre kokajambulidwa, ndipo kwa zaka zambiri ana ofunika opareshoni akhala akudikira mwayi wopita kunja, makamaka ku India. Mwana wa kwathu uja anauzidwa kuti azipita kukajambulidwanso kuti aone ngati mbali ya kumanja ikukula.

Pali ana ena amene khomo lija la foramen ovale likatsekeka pa nthawi yake amafa. Awa ndi obadwa mitsempha iwiri ikuluikulu yotuluka mumtima itasinthana malo, moti magazi otha mpweya amangozungulira m'thupi osafika kumapapo, abwino n'kumangozungulira m'mapapo osafika m'thupi. Ali m'mimba sizivuta poti makomo aja ndi otsegula. Akangobadwa, chitseko n'kutsamira pa mphuthu, mwana amada bii. Mu 1966 William Rashkind, wa ku Philadelphia komweko, anafalitsa njira yogulira ana otere nthawi mpaka adzachitidwe opareshoni. Amalowetsa kachubu mu mtsempha wa pa mchombo kapena wa m'chuuno, n'kukadutsitsa pa foramen ovale mpaka kumanzere, n'kufufumitsa kabaluni kunsonga kwake, kenako n'kukoka mwadzidzidzi. Kanembanemba kaja kamang'ambika, magazi a mbali ziwiri n'kuyamba kusakanikirana, ndipo lilime la khanda limayamba kufiira adokotala akali chiimire pomwepo.